Kutsatira mowa kwawo: zolemba za ku Franken

Lachiwiri madzulo, Bamberg

Sitima yochokera ku Nürnberg yandifikitsa kuno m'mphindi ngati 45. Ndatsika ndili wolefuka, chikwama chikundidula phewa, koma nditangotuluka pasiteshoni mphepo yandipatsa fungo lotsekemera la chimera chokazinga. Likuchokera kuseri kwa njanji, ku nyumba zazitali za njerwa zofiira za Weyermann, kampani imene yakhala ikukonza chimera kuyambira 1879 ndipo imatumiza ku maiko oposa 100. Ofulula ambiri a ku America ndi kwina amene amatchuka ndi mowa wamakono, chimera chawo china amagula pompano.

Chandibweretsa ndi Franken, dera la kumpoto kwa Bavaria m'dziko la Germany, makamaka mbali yotchedwa Oberfranken. Kuno malo ofululira mowa alipo oposa 150, ndipo ochuluka ndi a pabanja: kuseri bambo kapena mwana ali pamphika, kutsogolo mayi akuthira. Mowa wambiri wa kuno sufika m'masitolo akutali. Ukaufuna umanyamuka n'kuutsatira kwawo.

Ndigona ku Spezial, mumsewu wa Obere Königstraße. Pansi ndi pomwera, kuseri ndi pofululira, pamwamba ndi zipinda za alendo. Malowa anayamba mu 1536, ndipo banja la Merz lawagwira kuyambira 1898. Tsidya la msewu, khomo kuyang'anizana ndi khomo, kuli Fässla ya 1649. Munthu akhoza kudzuka kuno n'kukakhala uko thovu lisanaume pamlomo.

Polowa m'chipinda chomwera mtima unagunda, ndisaname. Mulibe tebulo la munthu mmodzi. Ndi matebulo aatali a matabwa, aliyense amakhala pamene pali mpata. Nditatsegula chitseko nkhani zinaduka kaye, maso onse pa ine. Tebulo lina la pakona linali ndi chikwangwani cha Stammtisch, la anthu a masiku onse, ndipo mayi wothira mowa anandilondolera kwina ndi chigongono. Bambo wina wachikulire anasendeza jekete lake pabenchi. "Khalani apa, bambo, malo alipo," anatero m'Chingelezi chothyokathyoka. Mnzawo wina atafika sanagwire chanza aliyense, anangogogoda tebulo ndi zala, enawo n'kugogodanso. Moni wa pamowa wa kuno ndi umenewo.

Kuitanitsa n'kosavuta. Umangoti Seidla, amakubweretsera theka la lita, pamtengo wa pafupifupi ma euro 4. Mayi uja amalemba kamzere pa kakatoni koikapo tambula, pomaliza amangowerenga timizereto. Mowa wa Spezial uli ndi utsi, koma wofatsa, umamveka ukatha kumeza. Ndinamwa pang'onopang'ono, maso akulemera.

Lachitatu, Bamberg

Ku Schlenkerla, mumsewu wa Dominikanerstraße, ndinapita cha m'ma 11 m'mawa magulu a alendo asanadzaze. Nyumbayi imatchulidwa kale m'zolemba za 1405. Denga ndi lotsika, mitanda yake ili bii. Mowa wawo wa Märzen amauthira kuchokera mumgolo wamatabwa umene amauika pakauntala, ukatha amabweretsa wina n'kukhoma mpopi ndi nyundo. Ndi wakuda, wamphamvu ya 5.1 peresenti. Nditangomwa koyamba ndinaima kaye: fungo la nsomba yowamba pankhuni, lenilenilo. Mnyamata wina amene anakhala pafupi anaseka. "Musafulumire kuweruza, achimwene, wachitatu ndiye akuuzeni zoona." Akuti anthu a kuno amanena choncho kwa mlendo aliyense. Ine kwa wachitatu sindinafike, wachiwiri anali atayamba kale kukoma.

Utsiwu sachita kuthira. Barele amamuviika m'madzi mpaka amere, kenako pomuumitsa amasonkha moto wa nkhuni za mtengo wa beech pansi pake, utsi n'kumadutsa m'chimeracho kwa maola ambiri. Kale ku Ulaya chimera chochuluka chinkauma motere, chifukwa dzuwa la kuno silidalirika. Zitabwera ng'anjo zotenthetsa popanda utsi kukhudza mbewu, pafupifupi ofulula onse anasiya njira yakaleyo. Schlenkerla ndi Spezial anakana kusiya, ndipo mpaka lero aliyense amawamba yekha chimera chake. Kwa ine, wa Spezial ndi woti munthu n'kumamwa tsiku lililonse. Wa Schlenkerla umafuna mbale pambali, n'chifukwa chake ndinaitanitsa Bamberger Zwiebel: anyezi wamkulu wobowola pakati, wodzaza nyama yankhumba yogaya, wowotcha mu uvuni, msuzi wake wothira mowa womwewo, ndi mbatatesi zoponda. Anyezi ali ndi mbiri yake mumzindawu. Ku Gärtnerstadt, mkati mwenimweni mwa tauni, mabanja akadalima ndiwo zamasamba kuseri kwa nyumba zawo.

Mnyamata uja anali wokonda kukamba. Nditatchula lamulo lotchuka la ku Bavaria la 1516 lonena zoyenera kuthira mumowa, anapukusa mutu. Bishopu wa Bamberg, amene analinso wolamulira mzinda, anakhazikitsa lake mu 1489: chimera, hop (maluwa a chomera china opatsa mowa kuwawa) ndi madzi basi. Ndipo usayerekeze kutcha anthu a kuno kuti ndi a ku Bavaria. Franken inalowetsedwa mu Bavaria kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ndipo mbendera zimene ndikuona m'makomo ndi zofiira ndi zoyera, za buluu za ku München, likulu la Bavaria, sizioneka kawirikawiri.

Madzulo ndinakwera phiri la Stephansberg kupita ku Spezial-Keller, bwalo lomwerapo mowa panja. Mawondo anadandaula. Pamwamba mzinda wonse uli pansi pako, ndipo 9 koloko inakwana kukadali kowala, zomwe zikundisokoneza tulo.

Lachinayi, Wunderburg

Alendo ambiri safika kuno, ngakhale kuchokera pakati pa mzinda ndi kuyenda kwa theka la ola lokha, kuwoloka madzi n'kulowa m'misewu ya anthu wamba. Pali tchalitchi, ndipo pafupi nacho pali Mahrs Bräu ya 1670 ndi Keesmann ya 1867, nazonso zoyang'anizana.

Ku Mahrs ukalowa pachipata umayamba wapeza kakhonde kamene anthu amamwera choimirira, kali ndi kazenera kothirira. Ena anali ndi maovolosi a kuntchito, wina galu ali pamapazi. Poitanitsa mowa onse ankangoti "a U", nanenso ndinatero. Mowa umenewu pokhwima mgolo wake sautseka zolimba, choncho mpweya wina umatuluka, ndipo sausefa. Umafika uli mbuu pang'ono, wofewa, sutupitsa mimba. Pa yonse imene ndalawa mpaka pano, uwu ndi umene ndingaubwerere. Herren Pils wa ku Keesmann ndi wosiyana kwambiri: woyera mbee, wowawa bwino, wotsuka kukhosi. Kuwoloka msewu umodzi, mowa n'kusintha chonchi.

Agogo ena amene ndinakhala nawo ku Keesmann anandisimbira za nkhondo ya mowa ya 1907. Ofulula a mu Bamberg anagwirizana zokweza mtengo wa theka la lita ndi pfennig imodzi, kandalama kakang'ono ka nthawi imeneyo. Eni mabala ndi omwa anakana, anayamba kuitanitsa mowa kuchokera ku Forchheim, ndipo patatha pafupifupi sabata ofululawo anagonja. Agogowo ankasimba ngati anali pomwepo. Kenako anayang'ana kakatoni kawo, anawerenga timizere, n'kudandaula za mitengo ya masiku ano.

Chinthu china: yendani ndi ndalama zapamanja. Malo ambiri aang'ono, makamaka kumidzi, khadi salandira, ndipo makina otapira ndalama sapezeka mudzi uliwonse. Ndatapa zokwanira mpaka Lolemba.

Lachisanu, Buttenheim ndi Forchheim

Sitima ya S1 yopita ku Nürnberg imaima pa Buttenheim, koma siteshoni ili patali ndithu ndi mudziwo, ndinayenda dzuwa likuswa mtengo. Kuno ndi kumene Levi Strauss wa mathalauza a jinzi anabadwira mu 1829, ndipo nyumba yake ndi yosungiramo mbiri tsopano. Ndinangoiona panja. Chimene ndinadzera ndi St. Georgen Bräu ya 1624 ndi Löwenbräu, zogundana khoma mumsewu umodzi. Kellerbier, mowa wosasefa, amakupatsa m'chikho chadothi chotuwa, cholemera. Mowa suchedwa kutentha ukakhala m'galasi padzuwa, koma m'chikhomu umakhalitsa uli wozizira. Vuto lake wothira saona ngati watha, ndiye ukafuna wina umagoneka chikho chammbali patebulo. Ukakwana umavundikira ndi kakatoni kaja, komwe kamathandizanso kutchinga mavu.

Ku Forchheim ndinadutsa mumsewu wa Sattlertorstraße, momwe muli Neder ya 1554 ndi Hebendanz ya 1579, pafupifupi khomo ndi khomo. Ku Neder ndinalawa Schwarze Anna, wakuda koma wopepuka. M'chipindamo munali azibambo amene amaoneka kuti mipando yawo inawazolowera. Sindinakhalitse, mtima unali kuphiri.

Kellerwald ndi nkhalango ya paphiri kunja kwa tauni, ndipo m'menemo muli malo omwera oposa 20. Pansi pa phirilo anthu akale anakumba mapanga aatali m'mwala wamchenga. M'katimo mumazizira mofanana chaka chonse, madigiri osafika 10, ndipo makina oziziritsa a Carl von Linde asanabwere m'zaka za m'ma 1870, mowa wofulula nyengo yozizira unkasungidwa m'menemo kuti upirire chilimwe. Ankawonjezera madzi oundana odula m'maiwe, ndipo mitengo ya pamwamba inkateteza nthaka ku dzuwa. Kenako anthu anaona kuti palibe chifukwa chonyamulira mowa kupita nawo kutauni, anangoika mabenchi pansi pa mitengo pakhomo la phanga. Bambo wina wogwira ntchito pamenepo anandilola kusuzumira. Kamphepo kozizira kanandiwomba kumaso, kakununkha mwala wonyowa, ndipo mdima wake sindinaufune. Ndinabwerera msanga.

Pano palibe wokutumikira. Umaima pamzere pazenera la mowa, umasiya kandalama ka chikole ka chikho, ukabweza chikho amakubwezera. Chakudya chili ndi zenera lake. Ndinatenga Zwetschgenbames, nyama yang'ombe yowamba ndi nkhuni za mtengo wa plamu, yodula mopyapyala kwambiri, ndi Gerupfter, tchizi chofewa chosakaniza anyezi ndi paprika, pamodzi ndi buledi wakuda. Ndinafunsa za nsomba ya carp imene derali limatchuka nayo. Mayi wa pazenera anati, "Mwabwera nthawi yolakwika, bambo, imeneyo ndi kuyambira September mpaka April." Pabenchi panga panali banja limene linabwera ndi dengu lawolawo, nsalu ya patebulo ndi mipeni. M'malo ambiri otere chakudya cha kunyumba n'chololedwa bola chakumwa ugule pomwepo. Agogo aakazi a banjalo anandisendezera mbale ya radishi wothira mchere osanena kanthu, ndipo nditathokoza anangogwedeza mutu n'kupitiriza kudzudzula mdzukulu wawo amene ankaponya miyala.

Kumapeto kwa July, pafupi ndi pa 26, nkhalango yonseyi imadzaza ndi chikondwerero cha Annafest, chimene chakhala chikuchitikira pano kuyambira 1840. Ndikusangalala kuti ndafika chisanayambe. Phokoso la khamu ndilibe nalo mphamvu.

Loweruka, Aufseß

Kufika kuno kwandidyera m'mawa wonse. Loweruka mabasi a kumidzi ndi ochepa, ndipo pakati panali kudikira pa kasiteji kopanda shopu, kopanda munthu, ng'ombe zokha kutsidya. Dera lino ndi Fränkische Schweiz: zigwa zopapatiza, matanthwe oyera oima njo pakati pa mitengo, timitsinje toyera.

Aufseß inalowa m'buku la Guinness mu 2001 chifukwa cha malo anayi ofululira mowa pa anthu pafupifupi 1,500. Njira ya pansi ya makilomita ngati 14 imazungulira onse: Rothenbach mu Aufseß momwemo, Stadter ku Sachsendorf, Reichold ku Hochstahl ndi Kathi-Bräu ku Heckenhof. Amakupatsa kakhadi koti adinde pamalo alionse, ukamaliza umalandira satifiketi. Kakhadiko ndinatenga, ngakhale ndinachita nako manyazi pang'ono.

Chigawo choyamba, kutsata mtsinje wa Aufseß mpaka Sachsendorf, n'chokoma kwambiri. Njira ndi yosalala, madzi akuyenda pambali, nsomba zikuoneka pansi. Stadter ndi kamalo kakang'ono, mowa wake wofiirira, wonunkhira chimera. Kuchoka apo njira imakwera n'kulowa m'minda ndi m'nkhalango. Pamenepo ndinali ndekhandekha nthawi yaitali, foni yopanda netiweki, kumwamba kukuda. Mvula inayamba ndili pakati pa mitengo, mabingu akugunda chapatali, ndipo ndinayamba kuwerengera kuti ndikaterereka pano andipeza liti. Ndinafika ku Hochstahl nsapato zikulira madzi. Ku Reichold mtsikana wothira anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anandibweretsera kansalu kopukutira ndisanaitanitse kanthu.

Pali china chimene sichinandisangalatse. Loweruka njirayi imakoka magulu a anyamata ovala malaya ofanana, okoka kangolo ka mabotolo, sipika ili pamwamba. Iwo akuthamangira chidindo, mowa wa pamalopo sakuumva n'komwe. Pamene ndikulemba pano ndikuona kuti tsiku la pakati pa sabata likanakhala bwino, ngakhale pamenepo uyenera kufunsiratu chifukwa malo alionse ali ndi tsiku lake lopuma.

Ku Heckenhof dzuwa linatulukanso. Kathi-Bräu inatenga dzina la mayi amene anayendetsa malowa zaka zambiri, ndipo ndi pokumanira okwera njinga zamoto. Zinali mbwee pabwalo, eni ake atavala zikopa zakuda, ambiri akumwa zoziziritsa kukhosi zopanda mowa chifukwa malire a mowa m'magazi a woyendetsa kuno ndi 0.5 pa 1,000. Mowa wa pano ndi wakuda, wotsekemera pang'ono, ndipo mtengo wake ndi wotsika kuposa wa mu Bamberg. Makilomita awiri omaliza ndi otsetsereka. Ndagona mu Aufseß, nsapato ndazidzaza nyuzipepala.

Lamulungu, panjira ndi ku Merkendorf

Lamulungu masitolo onse ndi otseka, ndipo basi ya m'mudzi ina imabwera pokhapokha ukaiimbira foni nthawi isanakwane. Ndinakhala pasiteji mabelu a tchalitchi akulira, msewu uli zii. Galimoto ina inadutsa, inaima patsogolo, inabwerera chambuyo. Anali bambo wa zaka za m'ma 60, kumbuyo kuli makireti opanda kanthu. "Mukadikira pamenepa mpaka mawa, bambo. Mukulowera kuti?" Nditati ku Bamberg, anati iwo akupita cha ku Memmelsdorf, ndikwere.

Panjira anandifotokozera za makiretiwo. M'mudzi mwawo munali mofululira mowa, koma mwini wake atakalamba ana anakana kutenga ntchitoyo, anapita kukagwira m'mafakitale. Kufulula ndi kudzuka usiku, kutsuka matanki, kuthira mpaka pakati pa usiku, kopanda Loweruka kapena Lamulungu. Magetsi ndi gasi zakwera, mabotolo akwera, ndipo anthu a m'mudzi safuna kumva zoti mtengo wa Seidla wasintha. Tsopano iwo amayenda ulendo kukagula kumudzi wina. Ndinafunsa bwanji osangogula wa m'sitolo yaikulu, wotchipa. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Mowa wa pa TV, anatero, ndi wa anthu opanda kwawo. Ndalama ya mafuta anakana, ndipo ndinaona kuti ndikakakamira akwiya.

Ananditsitsa ku Merkendorf, kamudzi kokhala ndi malo awiri ofululira, Wagner ndi Hummel. Inali nthawi ya nkhomaliro ya Lamulungu, mabanja athunthu atavala bwino, ndipo ndinalowa kumene ndinapeza mpando. Pafupifupi tebulo lililonse linali ndi Schäuferla: phewa la nkhumba lowotcha ndi fupa lake, chikopa chodulidwa timabokosi chili khirichikhirichi, nyama yochoka yokha pafupa, pambali chibulunga chachikulu cha mbatatesi ndi kabichi. Mbale imodzi ikanakwanira anthu awiri. Ndinalimbana nayo mpaka inandigonjetsa, ndipo mayi wothira anandikulungira yotsala osafunsa. Mowa unali Kellerbier wosasefa, wofululidwa kuseri kwa khoma limene ndinatsamira. Bilu yonse sinafike ma euro 20.

Pa tebulo langa panali aphunzitsi awiri opuma ntchito amene anayamba kukangana kuti mwa awiri a m'mudzimo wabwino ndi uti. Mwamuna anali ndi mbali yake, mkazi yake, ndipo akuti mkanganowu unayamba asanakwatirane. Anafuna kuti ine ndigamule. Ndinati mlendo saweruza mlandu wa m'banja, anaseka mpaka kutsokomola. Anandiuzanso za njira ina ya pansi yodutsa malo ofululira 13 m'midzi yozungulira Memmelsdorf, Litzendorf ndi Strullendorf. Miyendo yanga inamva, inakana.

Lolemba, Bamberg

Lero zitseko zambiri zili ndi kachikwangwani ka Ruhetag, tsiku lopuma, ndipo thupi langa lagwirizana nazo. Ndadzuka mochedwa, ndamwa khofi ndi Hörnla, kabuledi kopindika ka batala, ndayenda pang'ono m'mbali mwa mtsinje wa Regnitz.

Masana ndinalowa kabala kena katsopano, ka achinyamata, kogulitsa IPA, mowa wothira hop wambiri, ndi mowa wina wonunkhira zipatso m'timagalasi tating'ono. Unali wabwino, sindingaunyoze, ndipo mnyamata wothira ankaudziwa bwino. Koma kagalasi kochepera theka la lita kanadula kuposa Seidla ya ku Heckenhof, ndipo kukoma kwake ndi komwe ungakupeze ku Berlin kapena ku London. Mnyamatayo anavomera yekha kuti akaweruka amapita ku Wunderburg kukamwa U.

Greifenklau ya 1719 ndi Klosterbräu ya 1533 ndazisiya osalowa, mimba yakana. Ndagula mabotolo ochepa oti ndinyamule, Märzen wa Schlenkerla ndi U wa Mahrs, ndawakulunga m'masokosi. Wogulitsa wandichenjeza kuti wosasefayo asakhalitse ndipo asagone padzuwa. Chikwama chalemera kuposa mmene chinabwerera, nsapato sizinaumebe, ndipo sitima ya ku Nürnberg ndi ya m'mamawa, choncho ndikalongedze.